Sitima ikaima ku Zanzibar, titsike tokha?

FUNSO

Mayi, ine ndimagwira ntchito ya unamwino ku Johannesburg. Ine ndi mchemwali wanga tasonkherana ndalama kuti titenge mayi athu, a zaka 68, pa ulendo wa sitima ya pamadzi m'nyanja ya Indian Ocean. Pa ndondomeko alemba kuti tsiku lina sitima idzaima ku Zanzibar kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Kampani ikugulitsa maulendo a pabasi okhala ndi wotiperekeza, koma mtengo wake pa anthu atatu watikulira. Galimoto sitidzakhala nayo. Kodi n'zotheka kutsika tokha n'kuyenda wapansi? Mayi amayenda bwinobwino, kungoti sachedwa kutopa dzuwa likaswa mtengo. Mantha anga ndi oti tingasochere, sitima n'kutisiya.

Wowerenga wa ku Johannesburg

YANKHO

Achemwali, tsikani nokha, ndalama ya basiyo musunge. Mawu amenewa sindinena pa doko lililonse. Alipo madoko amene sitima imakocheza kutali ndi kumene anthu akufuna kukaona, monga Civitavecchia ku Italy, kumene wofuna kufika ku Rome amakweranso sitima ya pamtunda ola lathunthu kapena kuposerapo. Ku Zanzibar nkhani ndi ina. Doko lili m'dera la Malindi, kumpoto kwa tauni yakale ya Stone Town, ndipo mukangotuluka pageti ndiye kuti mwalowa kale m'tauni. Njira zambiri za m'kati mwa Stone Town n'zopanikiza moti galimoto silowa n'komwe. Anzanu olipira basi aja adzatsitsidwa m'mphepete, nawonso n'kuyamba kuponda pansi pomwe mukuponda inupo.

Ndiyambe ndi mantha anuwo, chifukwa ndi omveka. Kusochera si vuto lalikulu ku Stone Town, ndifotokoza. Chimene chimasiyitsa anthu sitima ndi nthawi.

Sitima zikuluzikulu kawirikawiri sizifika padoko penipeni. Zimaponya nangula chapatali, anthu n'kumatengedwa ndi maboti kupita kumtunda, monga mmene Ilala imachitira ku Nkhotakota. Zimenezi zimadya nthawi m'mawa ndi madzulo omwe. M'mawa oyamba kukwera maboti ndi amene anagula maulendo a kampani. Otsika okha amapatsidwa matikiti a manambala n'kudikira kuitanidwa, choncho 8 koloko yanuyo ikhoza kusanduka 9 koloko. Mmodzi wa inu alawirire kukatenga matikitiwo, chakudya cha m'mawa mudye ali kale m'thumba. Madzulo, 5 koloko ndi nthawi imene sitima imanyamuka, si nthawi yoti inu mufike. Pepala la ndondomeko ya tsiku, limene amakusiyirani m'chipinda usiku, limalemba nthawi ya boti lomaliza, ndipo imakhala theka la ola kapena ola lathunthu sitima isananyamuke. Jambulani pepalalo ndi foni. Pa nthawi yalembedwayo chotsaniponso ola limodzi, imeneyo ndiye ikhale nthawi yanu yofika padoko. Basi ya kampani ikachedwa sitima imadikira. Otsika okha sawadikira.

Msampha weniweni uli pa wotchi. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi ndi South Africa. Sitima ikamayandikira amalengeza usiku kuti anthu asunthe mawotchi. Koma ambiri pa sitima amatseka netiweki ya foni poopa mitengo ya roaming, ndipo foni yotsekedwa chonchi imangopitiriza kusonyeza nthawi ya ku Johannesburg. Inu mudzakhala phee mukumwa madzi a nzimbe foni ikuti 3:30, pamene pa sitima yakwana 4:30. Musanatsike funsani ogwira ntchito pakhomo lotulukira kuti nthawi ya sitima ili bwanji, wotchi ya pamkono ya mayi muitchere chimodzimodzi, ndipo tsiku lonse muzimvera imeneyo.

Palinso kawerengedwe ka maola ka Chiswahili, kamene kamayambira m'bandakucha. Kwa iwo 7 koloko m'mawa ndi saa moja, ola loyamba, ndipo 4 koloko madzulo ndi saa kumi. Mukamapangana ndi wa takisi kapena wa boti musangotchula nambala pakamwa. Lembani 15:00 papepala kapena pafoni, mumuonetse, agwedeze mutu.

Tsopano njira yake. Pageti la doko mudzakumana ndi anyamata ofuna kukuperekezani, kumeneko amawatchula kuti papasi. Musawakalipire, nawonso akusaka ya ndiwo, koma musaime kuti mufotokoze. Nenani kuti “Hapana, asante” (ayi, zikomo) mukuyendabe. Ngati mwafuna wokuperekezani, pezani wokhala ndi chiphaso cholendewera pakhosi, mugwirizane mtengo ndi maola musanayambe. Maola awiri amakwana.

Tsatani msewu wa Mizingani, nyanja ili kudzanja lanu lamanja. Nyumba yoyamba kukukopani maso idzakhala Old Dispensary, ya makonde a matabwa osemedwa mwaluso, imene inatha kumangidwa mu 1894. Mukapitirira mudzadutsa nyumba yachifumu ya masultani, kenako Beit al-Ajaib, imene alendo amaidziwa kuti House of Wonders. Anaimanga ndi Sultan Barghash mu 1883, ndipo ndiyo inali yoyamba kukhala ndi magetsi pachilumbapo. Mbali ina ya nyumbayi inagwa mu Disembala 2020, choncho musadalire kuti mukalowamo, mukaionera panja. Malo omwewa ndi amene zombo za nkhondo za Angelezi zinaombera pa 27 Ogasiti 1896, pa nkhondo imene siinathe n'komwe ola limodzi. Pafupi pomwepo pali Ngome Kongwe, linga limene Aluya a ku Oman anamanga cha m'ma 1700 atathamangitsa Apwitikizi. M'katimo muli mthunzi ndi pokhala. Kutsidya kwa msewu kuli munda wa Forodhani. Kuchoka padoko kufika pamenepa ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo chigawo chimenechi muchimalize dzuwa lisanakwere, poti m'mbali mwa nyanja mthunzi ndi wochepa.

Kuseri kwa linga kuli msewu wa Gizenga, ndipo m'menemo ndi molowera m'kati mwa tauni. Kwa mayi anu kumeneku ndiye kwabwino masana, chifukwa nyumba n'zazitali, njira n'zopapatiza, dzuwa silifika pansi. M'mbali mwa makoma ambiri muli timipando ta simenti totchedwa baraza. Akatopa akhale pamenepo, palibe amene adzawafunse. Muziyang'ana zitseko: zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa, nsomba ndi mawu a Chiarabu, zina zokhomedwa misomali ikuluikulu ya mkuwa mwa kamangidwe ka ku India. Chenjerani ndi njinga zamoto ndi zakapalasa, zimatulukira pakona mwadzidzidzi. Mukamva belu kapena hutala, tsamirani kukhoma, mayi akhale mbali ya khoma inu mbali ya njira.

Funsani njira ya ku Jaws Corner. Ndi kabwalo kakang'ono kumene tinjira tingapo timakumana. Pamakhala bambo wogulitsa khofi ndi ketulo yaikulu pa mbaula ya makala, akuthira m'timakapu topanda chogwirira, tating'ono kwambiri moti mumagwira ndi zala ziwiri. Khofiyo ndi wakuda, wowawa, wopanda shuga, ndipo mumamwera kashata, kachidutswa kotsekemera ka mtedza kapena kokonati. Azibambo amakhala pa baraza kusewera domino ndi kutsutsana za mpira ndi ndale. Perekani moni musanakhale. Achinyamata akaona mayi anu adzati “Shikamoo,” iwo ayankhe kuti “Marahaba.” Mudzadabwa kuchuluka kwa mawu amene adzamve pa macheza a pamenepo popanda womasulira.

Za kusochera: mudzasochera ndithu, ndipo mapu a pafoni amasokonezeka m'tinjira timeneti. Koma Stone Town ndi yaing'ono. Mbali ziwiri kuli nyanja, mbali yachitatu kuli msewu waukulu wa Creek Road, umene tsopano umatchedwanso Benjamin Mkapa Road. Mukalunjika mbali imodzi kwa mphindi 15 mudzatulukira kunyanja kapena kumsewuko, ndipo konseko njira ya kudoko ndi yoonekeratu. Safunsa anadya phula, koma funsani mwini sitolo kapena mayi wokhala pakhomo pake, osati mnyamata amene wakutsatirani. “Bandarini ni wapi?” (kudoko ndi kuti?) basi, akulozerani.

Malo amene ndikufuna muwapatse maola anu abwino ndi Mkunazini. Pamenepa ndi pamene panali msika wa akapolo, ndipo lero paima tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Magulu a pabasi amathapo mphindi zochepa, kujambula n'kumapita. Ichi ndicho chifukwa changa chachikulu chokuuzirani kuti mutsike nokha: pamalo amenewa panadutsa anthu akwathu, ndipo si poti wina azikufulumizitsani ndi kambendera m'manja.

M'zaka za m'ma 1800 anthu ogwidwa kumadzulo kwa nyanja ya Malawi ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota kwa a Jumbe, n'kuwolotsedwa pa zombo kupita kutsidya. Kuchoka kumeneko ankayenda wapansi miyezi ingapo, goli lili m'khosi, ena atasenza minyanga ya njovu, mpaka ku Kilwa m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ambiri mwa amene anafika amoyo ankakwezedwanso zombo za ku Zanzibar. Ena ankagulidwa kuti akalime minda ya karafuu (zokometsera zakudya zija za cloves) pachilumba pomwepo ndi ku Pemba, ena ankatumizidwa ku Arabia ndi kwina. Msikawo unatsekedwa mu Juni 1873, Angelezi atakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano. Koma kwathu kugwira anthu kunapitirirabe zaka zoposa 20. Mlozi wa ku Karonga anagonjetsedwa mu 1895.

Tchalitchicho nachonso mizu yake ili kwathu. Mishoni ya Anglican ya UMCA inayambira ku Magomero mu 1861 ndi Bishopu Charles Mackenzie. Iye anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, njala ndi nkhondo zinavuta m'chigawocho, ndipo wolowa m'malo mwake, Bishopu Tozer, anasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864. Amene anamanga tchalitchi pamsika paja ndi Bishopu Edward Steere. Mwala wa maziko unaikidwa pa Khirisimasi ya 1873, ndipo iye mwini anaikidwa m'manda kuseri kwa guwa mu 1882. Kuchokera ku Zanzibar komweko mishoniyo inabwereranso kunyanja yathu n'kukhazikika ku Likoma mu 1885. Munthu amene anapempherapo mu St Peter's ku Likoma adzazindikira zambiri m'menemo.

Mukalowa pitani kutsogolo. Pansi, pafupi ndi guwa, pali kabwalo ka mwala woyera kozunguliridwa ndi mwala wofiira. Operekeza alendo amafotokoza kuti pamenepo ndi pamene panali mtengo womangirirapo anthu powakwapula, kuti ogula aone wolimba ndi uti. Pa chipilala china chakutsogolo komweko pali mtanda waung'ono, wosavuta kuuphonya ngati simukuufuna. Unasemedwa kuchokera ku mtengo wa ku Chitambo, ku Zambia, umene pansi pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone mu Meyi 1873. Amene ananyamula mtembo wake kuchoka ku Chitambo mpaka ku Bagamoyo anatsogoleredwa ndi Susi ndi Chuma. Chumayo anali Myao, mmodzi mwa ana amene analanditsidwa kwa ogulitsa akapolo kumapiri a Shire mu 1861. Muwauze mayi zimenezi mutaima pomwepo.

Chapafupi ndi geti, pansi pa nyumba ya St Monica, pali zipinda ziwiri zimene alendo amaonetsedwa ngati mosungira anthu podikira tsiku la msika. Mumatsika masitepe ochepa. Denga ndi lotsika moti munthu wamtali amawerama. M'mbali muli nsanja za miyala, pakati kangalande, ndipo kuwala kumalowera pa timing'alu tating'ono ta pakhoma. Unyolo uli pomwepo. Mpweya wa m'menemo ndi wotentha, wolemera, wa fungo la khoma lonyowa. Dikirani gulu lituluke kuti mulowe atatu nokha. Inu monga namwino mudziwa ngati mayi angapirire mpweyawo. Ngati ali ndi vuto la mtima kapena chifuwa, asuzumire pakhomo n'kubwerera. Panja pali chikumbutso chimene anaumba Clara Sörnäs wa ku Sweden mu 1998: anthu asanu ataima m'dzenje, unyolo uli m'khosi. Palinso nyumba ya chionetsero cha mbiri ya ukapolo, yolembedwa m'Chingelezi ndi m'Chiswahili. Werengani mosathamanga, ndipo pa mapu a njira za akapolo mufufuze nyanja yathu.

Pageti pamalipidwa, ndipo wokufotokozerani mumamupeza pomwepo. Mukamaliza mumuthokoze ndi kangachepe. Sitima ikafika Lamulungu, m'mawa mumakhala mapemphero. Mukhoza kulowa n'kupemphera nawo, zoona malo mudzachite atatuluka.

Nkhomaliro musabwerere kukadya pa sitima, mudzataya maola awiri pa maboti. Pafupi ndi tchalitchi pali malo odyera a Lukmaan, kumene eni tauni amadyera pamodzi ndi alendo. Mumaloza chimene mukufuna: pilau, biriani, nsomba yootcha, nyemba kapena masamba ophikira kokonati, ndi pweza, nyama ya m'nyanja ya miyendo 8, ngati muli olimba mtima. Sankhani chakudya chotentha chimene chikutha msanga m'mbale zawo, madzi mumwe a m'botolo lotseka.

Kuchoka pamenepo msika wa Darajani uli pafupi, m'mbali mwa Creek Road. Nyumba yake ndi ya 1904. Mbali ya nsomba fungo lake ndi lamphamvu masana, dutsani mwachangu ngati mayi sakondwa nalo. Kuseri kuli zokometsera zakudya, karafuu, sinamoni, tsabola wakuda, vanila, pa mitengo yabwino kuposa ya ku Gizenga. Kulinso makanga, nsalu zawo zogulitsidwa ziwiriziwiri zokhala ndi mawu m'munsi. Mufunse tanthauzo la mawuwo musanagule, chifukwa ena ndi okuluwika onyoza mkazi mnzako, si oti mukapatse apongozi. Mtengo woyamba si womaliza, nenererani mwaulemu. Mukatha, tsatani Creek Road chakumpoto mpaka mutakumana ndi msewu wotchedwa Malawi Road, umenewo ukufikitsani kudoko. Kuzungulira konseku ndi makilomita atatu kapena anayi. Mayi akatopa, pa Darajani pali matakisi ndi mabajaji, ndipo kudoko ndi mphindi zochepa.

Pa zovala, anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu. Mapewa ndi maondo zibisike. Kwa ife nkhaniyi ndi yosavuta, chitenje m'chikwama chimathetsa zonse. Nsapato zikhale zotseka, zosaterera. Lachisanu masana masitolo ambiri amatseka kaye pa nthawi ya mapemphero, ndipo m'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa poyera masana. Musajambule munthu, makamaka amayi, musanapemphe. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa ku Tanzania, tengani kachikwama kansalu.

Ndalama yake ndi shilingi ya Tanzania, ndipo pepala lalikulu ndi la 10,000. Kuyambira 2025 malamulo a dzikolo amafuna kuti malonda a m'dzikomo azilipiridwa ndi shilingi, choncho sinthani pang'ono mukangotsika. Marandi ndi makwacha musawadalire. Tengani madola atsopano, osang'ambika, osalembedwalembedwa, chifukwa akale amawakana, kapena mutape pa ATM ya banki ku Kenyatta Road. Pemphani mapepala a 1,000 ndi 2,000, wogulitsa khofi sakhala ndi chenji ya 10,000.

Chimodzi chokha mudzachiphonya. Msika wotchuka wa zakudya wa ku Forodhani umayamba dzuwa likamalowa, pamene inu mudzakhala mutabwerera kale. Musayese kuudikira.

FUNSO

Mayi, ine ndi mkazi wanga tidzakhala pa ulendo wa mtundu womwewu pokumbukira zaka 10 za ukwati wathu. Ife za nyumba zakale sizitikhudza kwenikweni, tikufuna mchenga woyera uja timauona pa Facebook. Ndamva kuti ku Nungwi kumapita maminibasi otchipa. Tingapite n'kubwerera sitima isananyamuke?

Bambo wa ku Area 47, Lilongwe

YANKHO

Achimwene, pa maminibasi amenewo, otchedwa daladala, ayi. Nungwi ili kumapeto kwenikweni kwa chilumba chakumpoto, pafupifupi makilomita 60 kuchokera m'tauni. Takisi imatenga ola ndi theka. Daladala imayamba yadikira kuti idzaze, kenako imaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo pobwerera madzulo mumakumana ndi mdipiti wa magalimoto polowa m'tauni. Pa tsiku limene muli ndi maola 6 kapena 7 okha pamtunda, ulendo umenewu ukudyerani oposa theka, mchengawo mudzauponda mtima uli pa wotchi.

Ngati Nungwi ndiye mwaikonda basi, apa ndi pamene ulendo wa kampani uli ndi phindu, chifukwa basi ikafa panjira sitima idzakudikirani. Apo ayi, tengani takisi imodzi ya kupita ndi kubwerera, dalaivala akudikireni komweko, ndalama yambiri mudzamupatse atakutsitsani padoko, ndipo munyamuke ku Nungwi patatsala maola atatu kuti boti lomaliza lichoke.

Ine ndikanakutumizani ku Changuu, kumene alendo amati Prison Island. Ndi kachilumba ka makilomita osakwana 6 kuchokera m'tauni, theka la ola pa boti la injini lonyamukira kugombe la pafupi ndi Forodhani. Ndende imene anamangako mu 1893 siinasungepo akaidi, inasanduka malo obindikiritsira odwala matenda opatsirana. Kuli akamba akuluakulu a mtundu wa Aldabra, amene makolo awo anabwera kuchokera ku Seychelles mu 1919 ngati mphatso, ndipo kuli kagombe ka mchenga woyera ndi madzi oti mukuona pansi. Pitani m'mawa, chifukwa masana mphepo imakula ndipo boti limagwedezeka. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa. Mtengo wa boti ndi wolowera pachilumba ndi zosiyana, funsani zonse ziwiri musananyamuke. Wa boti mumupatse theka popita, theka pobwera. Pofika 1 koloko mukhale mutabwerera m'tauni. Nthawi yotsalayo, ngakhale mwati za nyumba zakale sizikukhudzani, werengani zimene ndalemba pamwambapa za Mkunazini. Kuchoka ku Forodhani ndi mphindi 15 wapansi.

FUNSO

Mayi, ine ndili ndi pasipoti ya Britain tsopano, koma mkazi wanga adakali ndi ya Malawi. Kodi potsika tsiku limodzi lokha pamafunika mapepala? Nanga zitachitika kuti sitima yatisiya, timatani?

Wowerenga wa ku Nottingham

YANKHO

Bambo, ku Tanzania amene ali pabwino ndi akazi anu. Pasipoti ya Malawi siifuna viza kumeneko, chimodzimodzi ya Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Ya Britain imafuna. Makampani ena amakonza okha viza ya otsika tsiku limodzi n'kuika mtengo wake pa akaunti yanu ya pa sitima, ena amafuna mubwere nayo. Lemberani kampani yanu, mutchule mapasipoti onse awiri, yankho likhale lolemba. M'kalata yomweyo mufunsenso za inshuwalansi ya alendo ya madola 44 imene Zanzibar inayamba kufuna mu Okutobala 2024, kuti akuuzeni mmene amachitira ndi okwera sitima yawo.

Koma musayang'ane Zanzibar yokha, yang'anani madoko onse a ulendowo. Sitima za m'chigawo chimenechi nthawi zina zimaima ku Mayotte kapena ku Réunion. Zilumba zimenezi ndi za France, ndipo kumeneko zinthu zimatembenuka: inu mumalowa popanda viza, akazi anu amafunika viza. Makampani ambiri amakaniza munthu kukwera sitima pa tsiku loyamba ngati alibe viza ya doko lina lililonse la pa ndondomeko, ngakhale atalonjeza kuti sadzatsika. Komanso ngati sitima idzayamba yaima ku Mombasa, khalani ndi khadi lachikasu la katemera wa yellow fever, chifukwa Tanzania imalifuna kwa ochokera kumaiko amene kuli matendawa, ndipo Kenya ili m'gulumo. Katemerayo amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 chibayireni, choncho musadikire sabata yonyamuka.

Potsika tengani khadi lanu la pa sitima, limene amalijambula potuluka ndi polowa. Ndi khadi limeneli amadziwira amene sanabwerere. Ngati mapasipoti akusungidwa ku ofesi ya pa sitima, yendani ndi fotokope yake ndi chithunzi chake pafoni. Tengani khadi la kubanki, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku okwanira masiku awiri, ndi foni yodzaza moto.

Pa pepala la ndondomeko ya tsiku pamalembedwa dzina ndi nambala ya foni ya ejenti wa sitimayo padoko limenelo. Mukaona kuti muchedwa, imbani nthawi yomweyo, musadikire kuti mufike kaye padoko. Kaputeni akadziwa kuti muli pa mtunda wa mphindi 10 akhoza kudikira, koma sadikira munthu amene sakudziwika kumene ali. Ikanyamuka, pitani kwa ejenti yemweyo. Ogwira ntchito pa sitima kawirikawiri amatenga mapasipoti a otsala, ku ofesi kapena m'sefa (kabokosi kokhoma kosungiramo zamtengo wapatali) ya m'chipinda, n'kumusiyira iyeyo, choncho ngati simunawatenge muziwasiya m'sefamo osati pansi pa sutikesi. Ejenti adzakuthandizani ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko, poti tsopano mukhala mukugona pamtunda, ndiponso kupeza njira yokakumana ndi sitima padoko lotsatira.

Zolipira zonse zimakhala zanu: hotela, ndege, viza. Bwalo la ndege la Abeid Amani Karume lili makilomita ochepa kum'mwera kwa tauni, ndipo maboti othamanga a ku Dar es Salaam amatenga pafupifupi maola awiri, koma sayenda usiku. Pogula inshuwalansi yanu ya ulendo ku Britain, onetsetsani kuti ndi ya ulendo wa sitima ya pamadzi, ndipo werengani ndime yonena za kusiyidwa padoko. Zambiri zimalipira ngati galimoto imene munakwera inafa kapena inachita ngozi ndipo muli ndi umboni wolemba, choncho zikatero pemphani kalata kwa dalaivala kapena kupolisi musanachoke pamalopo.